Musathamangire Sikuluu: Mawu kwa Achinyamata Okonza Magiya a Njinga

Ana anga, ife tidakulira pa njinga za giya imodzi, zija za Humber ndi Phoenix, zoti tcheni chikakhwepa unkangokokera tayala m'mbuyo, n'kumanga manati, ulendo n'kupitirira. Inu mwapeza njinga za magiya zitadzaza m'misika, ndipo eni ake akubwera kwa inu akudandaula kuti magiya akumbuyo akukana, akulira, kapena akudumpha. Mawu anga ndi amodzi: musanagwire sikuludiraiva, yambani mwapeza chimene chavuta. Njinga zambiri zimene zimafika pa malo okonzera zitasokonekeratu zimakhala zitadutsa m'manja mwa munthu amene adaona masikuluu awiri n'kuyamba kupotokola mwachimbulimbuli.

Dziwani kaye mmene chosinthira magiya chakumbuyo, chija amati derailleur, chimagwirira ntchito. Mkati mwake muli sipuling'i imene pa njinga zambiri imakankhira tcheni kunja, ku sipuloketi yaing'ono. Kebulo yochokera pa handulo ndiyo imakokera tcheni mkati, ku masipuloketi aakulu. Ntchito yonse ndi mkokano wa ziwirizi. Kale wokwera ankasuntha liva pang'onopang'ono mpaka phokoso litatha. Mu 1984 kampani ya Shimano ya ku Japan idatulutsa magiya oti liva ikangoti "ke!" kamodzi, tcheni chimasamukira pa sipuloketi yotsatira. Zidafewetsa ntchito ya wokwera, koma zidaonjezera ya makaniko, chifukwa kebulo ikangokhwepa pang'ono, "ke!" aliyense amasiya tcheni pakati pa masipuloketi awiri.

Choyamba ndi maso. Kolekani njingayo pa nthambi kapena pa chingwe kuti tayala lakumbuyo lilendewere, inu mugwade kumbuyo kwake. Onani ngati tayala lakhala bwino m'malo mwake, osapendekera mbali imodzi. Kenako yang'anani timawilo tiwiri ta chosinthira mmene tcheni chimadutsa. Tiyenera kuima chilili, kamodzi pansi pa kanzake, molunjika ndi sipuloketi imene tcheni chili. Mukaona kam'munsi katalozera ku masipoko, dziwani kuti kachitsulo kamene chosinthira chimapachikidwapo kapindika. Pa njinga zambiri kachitsuloka adakapanga kofewa dala, kuti njinga ikagwa kazipindika iko, felemu n'kupulumuka. Kamapindika njinga ikagwera kumanja, ikapanikizidwa ndi katundu pa lole, kapena thumba la chimanga likalendewera n'kumakagunda. Chizindikiro chake n'chakuti magiya ena amalowa bwino, ena amakana, ndipo mukakonza a kuno, a uko amasokonekera. Zikatero, palibe sikuluu imene ingathandize. Kawongoleni mwaulemu, pang'onopang'ono. Ngati n'ka aluminiyamu ndipo kaonetsa mng'alu, gulani kena.

Chachiwiri ndi kebulo. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa m'kapaipi kakuda kamene kebulo imadutsamo, makamaka pokhota paja pafupi ndi chosinthira. Ngati magiya akuchedwa popita uku ndi pobwerera komwe, tulutsani kebuloyo, muipukute, muione ngati yachita dzimbiri kapena timawaya take tayamba kuduka. Kebulo yotha ndi yotsika mtengo kuisintha kusiyana ndi tsiku lonse lolimbana nayo.

Ziwirizi zikakhala bwino, ndiye mufike pa masikuluu aja olembedwa H ndi L. Amenewa ali ngati malire a munda: amangonena pamene chosinthira chiyenera kulekezera, sanena za m'kati mwa munda. H ndi malire a kunja, ku sipuloketi yaing'ono. Ikani tcheni pamenepo, mupotokole H mpaka kawilo kam'mwamba kakhale pansi penipeni pa sipuloketiyo. H akamasuka kwambiri, tcheni chimagwera pakati pa sipuloketi ndi felemu. L ndi malire a mkati. Kwezani tcheni pa sipuloketi yaikulu, mukankhe chosinthira ndi chala ngati mukufuna chikagunde masipoko. Chikamapitirira, mangani L. Apa ndiye pofunika mantha, ana anga. L akamasuka, tcheni chimagwera m'masipoko munthu ali pa mtunda, chosinthira chimakokedwa n'kuthyoka, masipoko kuduka, mwini wake n'kudzipeza ali pansi. Malire mukawaika bwino, asiyeni. Sasuntha okha.

Pali sikuluu yachitatu kumbuyo, imene imatchedwa B. Iyo imatalikitsa kapena kuyandikitsa kawilo kam'mwamba ku masipuloketi. Tcheni chili pa yaikulu, pakhale mpata wa mamilimita 5 kapena 6 pa njinga wamba. Mukamva kugunda kwa "gu-gu-gu" pa giya yokwerera phiri, kawiloko kakukhudza mano. Mangani B pang'ono.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene ambiri amailumpha, ili pa kanati kamene kebulo imalowamo, kaya pa chosinthira kapena pa liva. Bwezani tcheni pa sipuloketi yaing'ono, muzungulitse pedulo ndi dzanja, musinthe giya kamodzi. Tcheni chikamazengereza kukwera, kebulo yakhwepa: potokolani kanatiko ngati mukukamasula. Musadabwe, kukamasula ndiye kukunga kebulo. Tcheni chikamakwera msanga koma n'kumakana kutsika, kebulo yakungika kwambiri: kamangeni. Potokolani kota imodzi yokha, muyese, mumvetsere, ndipo muziwerenga makota anu kuti mukapitiriza muthe kubwerera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tcheni chikakhala malo ake, kulira kwa "tche-tche-tche" kumatha. Pitani giya ndi giya mpaka pamwamba, mubwerenso mpaka pansi.

Nanga njinga imene ikusintha bwino ili yolendewera, koma mwini wake akaponda mwamphamvu tcheni chimadumpha? Pamenepo vuto si kusintha, koma kutha. Tengani tepi muyeze tcheni: kuchokera pa pini imodzi kufika pa pini ya 24 kutsogolo kwake payenera kukhala mainchesi 12 ndendende. Pakaonjezekera pafupifupi milimita imodzi ndi theka, tchenicho chatha. Mukachisiya, chimadya mano a masipuloketi mpaka asongoke, ndipo tsiku loika tcheni chatsopano chidzadumpha pa mano akuthawo. Muuzeni mwini njinga zoona zake asanalipire kawiri. Onaninso kuti liva ikugwirizana ndi masipuloketi: ya magiya 7 siingayendetse bwino masipuloketi 9, ndipo tcheni cha magiya 9 n'chopyapyala kuposa cha magiya 7. Pa njinga zakaunjika zimene zasinthidwa zitsulo kangapo, zoterezi sizisowa.

Pomupatsa njinga mwini wake, mulangizeni. Azifewetsa mwendo posintha giya, ndipo azisintha asanafike pakati pa chitunda, osati atakanika kale. Poigoneka, aziigonekera kumanzere. Oyilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto asamathire pa tcheni, chifukwa amakoka fumbi n'kusanduka phala lodya zitsulo. Adonthezere oyilo woyera pang'ono, wotsala apukute ndi kansanza.

Ndipo musalandire ndalama ya munthu musanaikwere nokha njingayo. Pitani nayo pa kamtunda kapafupi, muponde mwamphamvu, mudutse magiya onse kupita ndi kubwera. Ikakana pamenepo, ibwezeni pa chingwe muyambirenso ndi maso.