Dontho la Oyilo ndi Chikumbumtima cha Mmisiri

Ku Masembura, dera la midzi ndi mapiri amiyala m'boma la Bindura ku Zimbabwe, njinga yamoto ndiyo miyendo ya anthu ambiri. Imanyamula matumba a chimanga, odwala, ndiponso anyamata okumba golide omwe eni dziko amawatcha makorokoza. M'bomali mulinso zidzukulu za Achewa ndi Ayao amene adachoka ku Nyasaland m'nthawi ya atsamunda kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi monga wa Trojan. Kwa onsewa, njinga ikaima, mphika nawo umaima. N'chifukwa chake kadontho ka oyilo kooneka pansi pa injini m'mawa kamadzutsa funso limene anzeru akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi mmisiri ali ndi ngongole yanji kwa munthu amene sangathe kuona ntchito yake?

Njinga zambiri zoyenda m'misewu yafumbi yotereyi n'zopangidwa ku China, ndipo injini zake zidatengera kapangidwe ka Honda CG125 yomwe idatuluka m'chaka cha 1975. Injini yamtunduwu ilibe madzi oiziziritsa. Imadalira mphepo yowomba pa nthiti zachitsulo zozungulira silinda, komanso oyilo wake wochepa, pafupifupi lita imodzi. Pamene silinda yakhalira pa thupi la injini pali kachikopa kopyapyala kotchedwa gasiketi. Chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku, gasiketiyo imauma n'kung'aluka, ndipo oyilo amayamba kuchucha. Fumbi likamatirira pa oyiloyo limasanduka phala lotchinga mphepo. Oyilo akachepa kwambiri, pisitoni imatentha mpaka kugwirana ndi silinda.

Gasiketi njotsika mtengo, koma kuifikira ndi ntchito. Makaniko ayenera kuchotsa ekizozi ndi kabuleta, kumasula mutu wa injini, kenako kuzula silinda yonse. Pobwezera pamafunikanso gasiketi yatsopano ya kumutu. Njira yachidule iliponso: kutsuka kunja ndi petulo ndi kumata silikoni pamene pakuchucha. Chimatocho chimagwira masiku owerengeka, kenako oyilo amapeza njira yake.

Tsono mwini njinga afika, nati, "Achimwene, ingomatani, mawa ndili ndi katundu wopita ku Bindura." Kodi makaniko achite chiyani?

Ena amati mmisiri woona ayenera kukana. Iwo amati luso lili ndi malamulo ake, ndipo wopatsa munthu chimene akudziwa kuti sichikhalitsa wanyoza luso lake. Amakumbutsanso kuti zengerezu adalinda kwawukwawu: dontho lonyalanyazidwa lero ndilo injini yakufa mawa, ndipo mtengo wa silinda ndi pisitoni umaposa wa gasiketi kangapo. Mfundoyi njomveka, koma imayiwala chinthu chimodzi. Njinga si ya makaniko, ndipo njala ya pakhomo pa mwini wake makanikoyo saidziwa. Kulamula wosauka kuti asankhe chokhalitsa pamene alibe cha lero ndiko kumulanda ufulu wolingalira za moyo wake.

Ena amati wolipira ndiye mfumu, choncho apatsidwe chimene wapempha, nkhani ithere pomwepo. Nawonso pali pamene aphonya. Anthu awiriwa sadziwa zofanana. Mwini njinga amaona dontho. Makaniko amaona chimene chili kuseri kwa donthoyo. Iye amadziwa kuti nthawi zina gasiketi ilibe mlandu: kapaipi kopumira injini kakatsekeka ndi matope, kapena maringi a pisitoni akatha, mpweya umapanikizika m'kati n'kukankhira oyilo kunja. Amadziwanso kuti oyilo wochokera kumtunda, kumutu wa injini, amatsetsereka n'kukadikha patsinde pa silinda, n'kunamiza diso. Kupempha kwa munthu wosadziwa zimenezi sikungatchedwe kusankha. Womvera pempho lotere mwakachetechete wabisala kumbuyo kwa umbuli wa mnzake.

Choncho choipa si chimato ayi. Chigamba pa malaya si bodza, chifukwa wovala amachiona. Chimato chimasanduka bodza pamene chagulitsidwa m'dzina la kukonza. Makaniko amene anganene kuti, "Achimwene, ndimata, koma izi n'zongokufikitsani ku Bindura, muziyang'ana oyilo m'mawa uliwonse, ndipo mubwere tidzatsegule," wachita zinthu ziwiri pamodzi: walemekeza umphawi wa mnzake, ndipo sadaugwiritse ntchito pomudyera. Ngongole yake yoyamba ndi chidziwitso. Ntchito ya manja imabwera pambuyo.

Komabe mayeso aakulu amadza tsiku limene injini yatsegulidwa, mwini wake atapita. Zotsalira za gasiketi yakale ziyenera kupalidwa modekha, pakuti chitsulo cha pamenepo n'chofewa, ndipo mpeni wofulumira umasiya mzere umene oyilo adzautsate. Pakamwa pa injini payenera kutsekedwa ndi kansanza koyera kuti nyenyeswa zisagweremo. Manati a kumutu ayenera kumangidwa pang'onopang'ono, mopingasa, mofanana mphamvu. Silikoni wochuluka woikidwa m'kati amafinyikira m'njira za oyilo n'kuzitseka. Zonsezi zikatha, injini yokonzedwa mosamala ndi yokonzedwa mwaulesi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo zimalira chimodzimodzi. Kusiyana kwake kudzaoneka patapita miyezi, pamene palibe angathe kuloza chala. Akatswiri a Honda adapanga CG125 ataona kuti m'maiko osauka eni njinga sasintha oyilo m'nthawi yake, choncho adaipanga yopirira. Kupirira komweko ndiko kumaphimba ulesi wa mmisiri kwa nthawi yaitali.

Apa mpamene chiphunzitso cha umunthu chimayesedwa. Kawirikawiri chimafotokozedwa ngati khalidwe la pagulu: pamaliro, pamilandu, podyera pamodzi. Koma ngati munthu ali munthu chifukwa cha anzake, ndiye kuti anzakewo sachoka pamene maso awo achoka. Mayi woyembekezera amene adzakwere njingayo usiku kupita kuchipatala alipo kale pansi pa mtengo pamene makaniko wagwada, ngakhale awiriwa sadzadziwana. Amene amapala chitsulo modekha chifukwa cha mayi ameneyo ndiye wamvetsa umunthu, angakhale sadamvepo dzina lake m'kalasi.