Kodi Wopulumuka Ali ndi Ufulu Wolira?

Mlongo wathu akatuluka m'cipatala timakonda kumuuza kuti, "Yamikani Mulungu, muli moyo." Mau amenewa ndi oona. Koma nthawi zina amatseka pakamwa pa munthu amene akali kubvutika. Kodi wopulumuka akadandaula, ndiye kuti ndi wosayamika?

Taganizirani za nthenda imene madokotala amaicha acoustic neuroma. Ndi cotupa comera pa mtsempha wa kumva, umene umacokera mkati mwa khutu kupita ku ubongo. Si khansa ai, ndipo cimakula pang'onopang'ono, koma cikakula kwambiri cimapanikiza ubongo, motero amacicotsa ndi opaleshoni ya m'mutu. Kwa ife a ku Chipata, umenewu ndi ulendo wa ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500.

Cotupa cikacotsedwa, ambiri amatsala ndi khutu limodzi losamva moyo wao wonse. Mtsempha woyendetsa nkhope uli pafupi pomwepo, ndipo ukakhudzidwa, pakamwa pamapotoka ndipo diso silitsekeka bwino, limangouma ndi kuwawa. Ena amamva kulira m'khutu usana ndi usiku. Ena amadzandira poyenda, makamaka mumdima. M'phokoso la msika wa Kapata, mai wotere sadziwa kumene mau akucokera. Amene wamupatsa moni kumbali yosamva amacoka akunena kuti mai uja ayamba kunyada.

Ine ndikhulupirira kuti kuyamika ndi kulira zingakhale mumtima umodzi popanda cimo. Pa Genesis 32, Yakobo anacoka pa Penieli atadalitsidwa, koma akutsimphina. Dalitso silinacotse kutsimphinako. Paulo anapempha katatu kuti munga ucoke m'thupi mwake, ndipo sunacoke (2 Akorinto 12). Ndani wa ife angamuche wopanda cikhulupiriro? Tikafuna umboni wa kucira kotheratu wokha, timakakamiza odwala kubisa ululu wao kuti ife timve bwino. Cimeneco si cikondi.

Mpingo wathu uli ndi mbiri yotiphunzitsa. Ku Magwero, kumene nchito ya misyoni inayamba mu 1899, makolo athu anatsegula sukulu ya akhungu, pambuyo pake ya ogontha. Sanadikire kuti anawo ayambe aona kapena amva, ndipo kenako awapatse malo. Anawalandira monga analili.

Nafenso m'Cigwirizano ticite cimodzimodzi. Khalani kumbali ya khutu lakumva. Muyang'aneni kumaso polankhula, osakuwa. Muperekezeni misonkhano ikatha kutada. Tileke manong'onong'o a ufiti pa nkhope yake. Asacotsedwe pa udindo cifukwa mau ake satuluka monga kale. Ndipo akanena kuti, "Lero ndatopa," tisathamangire kumulalikira. Tiyambe tamvetsera, popeza mutu umodzi susenza denga.

Ambuye atipatse makutu omva alongo athu.