Kodi madzi saiwaladi khwawa?

Pa msonkhano wa mphakati, dzina la munthu wina likatchulidwa kuti apatsidwe udindo, anthu amangoti zii. Kenaka wina amanong'oneza mnzake kuti, “Madzi saiwala khwawa.” Nkhani yathera pomwepo. Mwina munthuyo adasowetsa ndalama za banki mkhonde zaka zingapo zapitazo, kapena wangotuluka kumene kundende ya Maula kapena ya Chichiri. Adalapa, ndipo Lamulungu lililonse amalandira Ukaristia pamodzi nafe. Tsono tikamasungabe zakale zake mumtima, kodi ndi nzeru kapena ndi kuuma mtima?

Funsoli lidagawanitsa ngakhale atumwi. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 13, Paulo ndi Barnabasi adanyamuka ku Antiokeya paulendo wao woyamba wolalika, atatenga Yohane Marko kuti aziwathandiza. Atafika ku Perga, m'dera la Pamfiliya, Marko adawasiya nabwerera ku Yerusalemu. Pa mutu 15, pamene ankakonza ulendo wachiwiri, Barnabasi adafuna kumtenganso, koma Paulo adakanitsitsa. Adakangana koopsa mpaka kupatukana. Barnabasi adapita ku Kipro ndi Marko, Paulo adasankha Silasi.

Tisafulumire kumuweruza Paulo. Paulendo womwe uja, Marko atachoka kale, anthu adamponya miyala Paulo ku Listara nkumkokera kunja kwa mzinda poganiza kuti wafa. Munthu amene adaona zoterezo amadziwa kuwawa kwa kuyenda ndi mnzake wothawa zinthu zikavuta. Komanso Marko adali msuweni wa Barnabasi, monga tiwerenga pa Akolose 4:10, ndipo tonse tikudziwa mmene chibale chimaphimbira maso. Mayi amene mpamba wake wa geni udapita ndi msungichuma wosakhulupirika sakuchimwa akamakayika. Zimene adakumana nazo zidamphunzitsa, ndipo Mulungu sadatipatse nzeru kuti tizizitaya.

Komabe pali chimodzi chimene chimandivutitsa maganizo. Pa mutu 9, Paulo yemweyo, akutchedwabe Saulo, adafika ku Yerusalemu atatembenuka mtima, nayesa kulowa m'gulu la ophunzira. Onse adachita naye mantha, ndipo adali ndi chifukwa, pakuti ndiye ankagwira Akhristu nkumawaponya m'ndende. Amene adamgwira dzanja nkupita naye kwa atumwi adali Barnabasi. Mlandu wa Saulo udali waukulu kuposa wa Marko, kutalitali. Koma pa tsiku la mkangano lija, zikuoneka kuti zimene zidachitika ku Perga zidamveka kwambiri mumtima mwa Paulo kuposa zimene zidachitika ku Yerusalemu.

Umu ndi mmene mtima wa munthu umasungira zakale. Umasankha. Ngongole imene wina sadatibwezere timaikumbukira mpaka tsiku ndi ndalama zake zenizeni, pamene tsiku limene bwana adatikhululukira, kapena mkazi wathu adatilandiranso pakhomo, limazilala msanga. Ndiye tikamanena kuti “ine zambiri ndidaziona,” nthawi zambiri tikunena theka lokha la zimene tidaona.

Onaninso mmene Barnabasi adachitira. Sadakane kuti Marko adathawa, ndiponso sadamtume yekha ku Kipro. Adakwera naye chombo, naika mbiri yake yomwe pachiswe. Kwa ine apa mpamene pali kusiyana pakati pa chifundo ndi kusasamala. Palibe akutikakamiza kupereka bokosi la ndalama za mphakati lero lomwe kwa amene adazisowetsa dzana. Koma angathe kupatsidwa ntchito ina, ndipo wina mwa ife angathe kuimirira nkunena kuti, “Ndidzagwira naye ineyo.” Bambo mfumu akamasula munthu mu Sakramenti la Kulapa, munthuyo amabwerera kudera lomwe lija, kwa anthu omwe aja. Ngati palibe woyenda naye, khwawa lakale ndilo lokhalo limene tamsiyira lotseguka.

Patapita zaka, Paulo ali m'ndende, adapempha Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa ankamthandiza pa ntchito (2 Timoteo 4:11). Mwambo wa Eklezia umati Marko ameneyu ndiye adalemba Mthenga Wabwino umene timaumva pa Misa m'Chaka B, ndipo Akhristu a ku Alexandria, kuno ku Africa, amamlemekeza ngati woyambitsa mpingo wao.