Loko Wotsekeredwa ku Johannesburg

Tiyerekeze mayi amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Mwana wake wamkazi, wa zaka 12, anamusiya m'manja mwa agogo ake ku Dedza, ndipo anamutumizira foni kuti azilankhulana. M'foniyo anaikamo Family Link, pulogalamu imene kampani ya Google inatulutsa m'chaka cha 2017. Ikangokwana 8 koloko usiku, foni ya mwanayo imadzitseka. Mayiyo, ali m'kachipinda kake kutsidya kwa Limpopo, amaona maola amene mwana wathera pafoni, amaloleza kapena kukana pulogalamu iliyonse imene mwanayo akufuna kuikamo, ndipo amatha kuona pamapu pamene pali foniyo. Nayo kampani ya Apple inabweretsa njira yofanana ndi imeneyi mu 2018, yotchedwa Screen Time.

Sindikutsutsa kuti mayiyu ali ndi udindo woteteza mwana wake. Pa intaneti pali akuluakulu okola ana ndi mawu okoma, pali zithunzi zolaula, komanso pali kugona mochedwa kumene kumaonekera m'kalasi m'mawa mwake. Chimene chikundivuta n'china: kodi ulamuliro wa kholo umasanduka chiyani ukamafika kwa mwana popanda nkhope, popanda liwu, ndiponso modumpha anthu amene akukhala naye?

Kulera mwana uli kutali sikunayambe lero. Abambo ankapita kumigodi ya ku Joni ndi kuminda ya ku Halale, n'kukhalako zaka. Kalata inkatenga masabata, choncho bambo sakanatha kulamula za tsiku ndi tsiku. Mtunda unkamukakamiza kukhulupirira ena: mkazi wake, apongozi, makamaka malume wa anawo, amene pakati pa Achewa ndiye mwinimbumba. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unkagwira ntchito chifukwa panalibe kuchitira mwina. Pulogalamu ija yachotsa kukakamizika kumeneku. Agogo a ku Dedza aona ndi maso awo kuti mdzukulu watunga madzi, watsuka mbale, ndipo akufuna kuwerenga zimene mnzake wamutumizira pokonzekera mayeso a mawa. Iwo akanalola. Koma kiyi ali ku Johannesburg, ndipo gogoyo, amene analera mayi wa mwanayu, wasanduka woonerera m'nyumba yake yomwe. Mwana naye sachedwa kuzindikira kumene kuli mphamvu.

M'Chichewa mawu akuti kulanga ali ndi mbali ziwiri. Timalanga wolakwa, komanso anamkungwi amalanga namwali, kutanthauza kumuphunzitsa mwambo. Makolo athu sanaone chifukwa cholekanitsira ziwirizi, popeza chilango chopanda malangizo ankachiyesa nkhanza chabe. Tsono foni ikadzitseka imachita mbali yoyamba yokha. Siifotokoza chifukwa, siiona misozi, siisintha maganizo mwana akapereka mfundo yomveka. Mwana amene wakanizidwa ndi munthu amaphunzira kufunsa, kudandaula, kupepesa, nthawi zina ngakhale kupambana mlandu. Wokanizidwa ndi makina amaphunzira luso lina: kubwereka foni ya mnzake.

Ophunzira ambiri akafika apa amathamangira kwa Jeremy Bentham ndi ndende yake ya Panopticon, imene Michel Foucault anaizukuta m'buku lake la mu 1975 lonena za kuyang'anira ndi kulanga. M'ndendemo mkaidi sadziwa nthawi imene mlonda akumuona, motero amadzilondera yekha. Fanizoli lili ndi choona chake, pakuti mwana wodziwa kuti amaonedwa pamapu angakhale wofatsa chifukwa cha diso, osati chifukwa cha mtima, ndipo tsiku limene disolo lidzachoke sitidziwa chidzatsale n'chiyani. Komabe ndikuona kuti fanizoli likumulakwira mayi uja. Mlonda wa Bentham sagona ndi njala kuti mkaidi apite kusukulu. Kwa mayi amene watha zaka zitatu osabwera kumudzi, kadontho kapamapu kaja ndi gawo lokhalo la mwana wake limene angalione tsiku lililonse. Akamatseka foni pa 8 koloko, mwina akungoyesa kuchita chimene akanachita akanakhalapo, kuzimitsa nyali ndi kunena kuti tigone. Amene timalera ana athu tili nawo pafupi tisafulumire kumuweruza.

Chimene ndingamufunse n'chochepa. Kodi ola limenelo anagwirizana ndi agogo, kapena analisankha yekha? Kodi mwanayo anauzidwa chifukwa chake, ndipo akudziwa kuti malirewo adzafutukuka akamakula? Okonza Family Link anasiya khomo limodzi lotsegula: foni ikatsekedwa, mwana amathabe kuyankha wina akamuimbira. Choncho pa 8 koloko paja, foni itazima ku Dedza, mayiyo akhoza kuimba, mwana n'kuyankha, agogo ali pambali akumvetsera.