Tsiku la Ukwati Likagwa Nthawi ya Nazale

Maukwati ambiri kuno ku Kasungu amachitika m'chilimwe, fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma. Choncho kwa mabanja ambiri tsiku lokumbukira ukwati limagwa mu Seputembala kapena Okutobala, pamene nazale ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Bambo ali kudambo ndi makheni, mayi akutsatira mwana ali kumsana, kunyumba wina akulirira phala, wina wataya kope la kusukulu. Dzuwa limalowa tsikulo osatchulidwa n'komwe.

Kodi banja lotanganidwa chotere lili ndi chifukwa choimira kaye n'kukumbukira tsiku limeneli?

Amene amati ayi ali ndi mfundo zomveka. Fodya sadikira munthu. Mvula ikagwa n'kuwokera, kenako kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo, mpaka msika utatsegulidwa cha mu Epulo. Ndalama ya keke ingathandize kugula feteleza. Iwo amati chikondi chenicheni ndi thukuta limene makolo amakhetsera ana awo, ndipo zina zonsezi n'za m'tauni.

Ngati kukumbukira kutanthauza keke ndi chitenje chatsopano chogula pangongole, anthuwa akunena zoona. Koma taganizirani mmene timaitanirana. Mwana woyamba akabadwa, mwamuna amasanduka "bambo a uje", mkazi "amake uje". Ndi ulemu wabwino. Komabe pang'ono ndi pang'ono nkhani zonse za m'nyumba zimasanduka za ana ndi za kumunda: ndani apite kusikelo, ndani athirire, ngongole ya feteleza yatsala zingati. Awiriwa amagwira ntchito limodzi tsiku lonse, koma zaka zimatha osafunsana za mumtima.

Zimene sizinenedwa sizichoka. Mayi amene anasoka fodya mpaka zala kuda, koma sanauzidwe kuti mabelo anabweretsa zingati, amasunga nkhaniyo. Bambo amene fodya wake anagulidwa motchipa, n'kuchita manyazi kuulula, amasunganso yake. Kawirikawiri ankhoswe amamva nkhani zotere zitafika kale poipa, chonsecho madzi akatayika saoleka.

Apa ndi pamene tsiku la ukwati limapeza ntchito yake. Ndi tsiku limene awiri anasankhana ana asanabadwe, ndipo limawakumbutsa kuti ana atsamira pa umodzi wa makolo awo monga denga litsamira pa mzati. Kusamala umodziwo si kulanda ana nthawi yawo. Mwana amene amaona bambo ake akuthokoza mayi ake, ndi mayi akumvetsera bambo, akuphunzira za banja zimene sadzazipeza m'kope.

Sipafunika zambiri. Nazale ithiriridwe msanga, ana akagone kwa agogo kapena kwa azakhali, awiriwa akhale pakhonde ndi tiyi ndi mbatata. Aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akuthokoza mnzake m'chaka chathachi. Aliyense anenenso, mofatsa ndi mosabisa, chimodzi chimene chinamupweteka, winayo amvetsere osamudula pakamwa. Kenako akambirane za ndalama za fodya wa chaka chikudzachi monga anthu ofanana, apemphere limodzi. Kukambirana kumene timaphunzira m'magulu athuwa kuyambire m'nyumba. Ngati tsiku lenilenilo lagwa pa maliro kapena mwana wadwala, asankhe lina, bola lisaiwalike.

Mlimi aliyense amadziwa kuti mbande zikauma panazale, chaka chonse chapita, ngakhale munda utalimidwa bwino chotani.

Zokambirana pagulu:

1. Kodi ndi liti pamene munacheza ndi mnzanu wa m'banja osatchula ana kapena fodya?
2. Kodi n'chiyani chimatilepheretsa kukambirana momasuka za ndalama m'nyumba?
3. Kodi gulu lathu lingathandize bwanji makolo a ana aang'ono kupeza madzulo amodzi okhala awiriwiri?