Walira Mvula Walira Matope

Mlimi akamapempha mvula amadziwa kuti njira ya kumunda idzaterera. N'chifukwa chake akuluakulu amati walira mvula walira matope, kutanthauza kuti wofuna chabwino alandirenso zowawa zimene chimadza nazo.

Izi n'zimene zinachitikira Augusta Van Buren ndi mng'ono wake Adeline, amene ankafuna kutsimikizira asilikali a ku America kuti nawonso akazi angathe kunyamula mauthenga a kunkhondo pa njinga yamoto. Pa 4 Julayi 1916 ananyamuka ku Brooklyn, mumzinda wa New York, aliyense pa mthuthuthu wake wa mtundu wa Indian, kulowera kumadzulo.

Matope anawapezadi. Misewu yambiri inalibe tara, ndipo mvula ikagwa mateyala ankatitimira. Apolisi anawagwira kangapo, mlandu wake kuvala zachimuna. M'chipululu cha kumadzulo kwa Salt Lake City anasochera madzi n'kuwathera, mpaka munthu wina wofufuza miyala yamtengo wapatali anawapulumutsa. Komabe anakwera phiri la Pikes Peak ku Colorado, ndipo pa 8 Seputembala anafika ku Los Angeles atayenda mamailosi 5,500.

Matope enanso anali kuwadikira. Asilikali anawakana ntchitoyo, ndipo nyuzipepala zina zinatamanda njingazo m'malo mwa eni ake.

Awiriwa sanapinde manja. Adeline anakaphunzira zamalamulo ku New York University, pomwe Augusta anayamba kuyendetsa ndege nalowa m'bungwe la akazi oulutsa ndege la Ninety-Nines.