Magetsi pa mpanda ndi magetsi pakhosi pa galu

Mu 2010 boma la Wales linaletsa kuveka agalu ndi amphaka kolala yamagetsi, yomwe ndi lamba wapakhosi wogwiritsa chiweto shoko mwiniwake akadina batani, ndipo chaka chotsatira khoti linalipiritsa mapaundi 2,000 munthu woyamba kupezeka wolakwa pa lamuloli. Nkhaniyi ingaoneke yakutali kwa anthu a ku Rumphi, komabe funso lake lili pakhomo pawo, pakuti m'malire mwa nkhalango ya Vwaza muli mpanda woyendera magetsi adzuwa wotchinga njovu kuti zisalowe m'minda. Kodi ululu wololedwa pa mpanda ungaletsedwe bwanji pakhosi pa galu?

Kusiyana kwagona pa mpata wothawa. Njovu ikakhudza waya imabwerera yokha ndipo ululu umathera pomwepo, pamene mpandawo wapulumutsa chimanga cha mlimi pamodzi ndi njovuyo, yomwe mwina ikadaomberedwa. Galu wovala kolala alibe kothawira, chifukwa chilango akuyenda nacho, chikuchokera ku dzanja lomwe limamuponyera mkute, ndipo kawirikawiri sazindikira chimene walakwa. Buku la Genesis limapatsa munthu ulamuliro pa zamoyo, koma Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalira chiweto chake, kotero ulamulirowo ndi udindo wa wosungitsidwa katundu, amene adzafunsidwa ndi mwini wake. Kuzunza cholengedwa chimene chimakhulupirira mbuye wake n'kuipitsa udindowo.

Chovuta kwenikweni ndicho kuonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa. Malawi ali nalo kale lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, loletsa kumenya ndi kuzunza ziweto, koma nkhanza zotere zimachitikira kuseri kwa nyumba, kumene wapolisi kapena mlangizi wa ziweto safika, ndipo shoko kawirikawiri siisiya bala loti n'kuonetsa kukhoti. M'midzi ya ku Bolero ndi Hewe kolalayi njosowa, koma ntchito yake imagwiridwa ndi ndodo, mwala ndi madzi otentha othira galu woba ndiwo. Kumeneko mboni ndi mnansi, yemwe amaopa kudana ndi mnzake chifukwa cha galu, ndipo mantha amenewa amachepa pokhapokha nyakwawa pabwalo ndi mbusa paguwa, kaya wa Sinodi ya Livingstonia kaya wa mpingo wina, atatchula mchitidwewu poyera kuti ndi mlandu komanso tchimo.